Ng'oma Yoliritsa: Mbiri ya Anyamata Otamandidwa Amene Osankha Anawalambalala

Aliyense amene anaimapo m'mbali mwa bwalo la mpira pa boma la Dedza m'mwezi wa June, pamene mphepo yotsika m'phiri imalowa m'mafupa ndipo anthu amaonera masewero manja ali m'khwapa, akudziwa mmene dzina la mnyamata limakulira m'masabata owerengeka. Amwetsa zigoli ziwiri Loweruka lino, amwetsanso china Loweruka linalo, ndipo mwezi usanathe mbiri yake yafika kale ku Bembeke, ku Linthipe ndi ku Chimbiya, anthu akulumbira kuti ameneyu sagona chaka pano, matimu a ku Lilongwe ndi a ku Blantyre amulimbirana, kenaka a ku Joni amutenga. Nthawi zina zimaterodi. Koma kawirikawiri dzinja lidza ndi kupita, mnyamata uja akali pomwepo, ndipo amene ankamunyamula pamapewa ayamba kufunsana chapansipansi kuti kodi chinalakwika n'chiyani, popeza miyendo ndi yomwe ija ndipo mpira sanauiwale.

Funso limeneli si la kwathu kokha, ndipo dziko limene lalifunsa poyera koposa maiko onse ndi America, kumene kulambalalidwa kwa mnyamata wotchuka kumachitika pamaso pa anthu miyandamiyanda, makamera atamupenyetsetsa kumaso. Mpira wao si wamiyendo ngati wathu. Ndi wautali ngati chipwete, amaunyamula ndi kuuponya ndi manja, ndipo pa anthu khumi ndi mmodzi amene amapita nawo kutsogolo pali mmodzi wotchedwa quarterback, amene amalandira mpira poyamba, nawerenga mmene adani aimira, naganiza m'kamphindi kochepa woti amuponyere. Iyeyo ndiye mutu wa timu, ndipo monga akulu ananena kuti mutu ukakula sulewa nkhonya, ulemu ndi chitonzo zonse zimagwera iye.

Mwambo wao wosankha osewera, umene amautcha draft, unabadwa ndi umphawi wa timu imodzi. Bert Bell, mwini wa Philadelphia Eagles, ataona kuti anyamata aluso ochokera m'makoleji ankangopita ku matimu olemera ndi opambana, kotero kuti wofooka ankafookerafookera, anapempha eni matimu anzake m'chaka cha 1935 kuti azisankha mosinthana, ndipo woyamba kusankha azikhala amene anathera pansi pa onse m'chaka chapitacho. Anagwirizana, ndipo pa 8 February 1936, mu hotela ya Ritz-Carlton mumzinda wa Philadelphia, matimu asanu ndi anayi anasankha anyamata 81. Woyamba kutchulidwa anali Jay Berwanger wa ku University of Chicago, amene dziko lonse linkamuyesa wopambana onse. Koma iye, posagwirizana ndi eni matimu pa za malipiro, sanasewereko ndi tsiku limodzi lomwe mu ligi ya NFL. Kuyambira tsiku loyambalo zinaoneka kuti kutchulidwa poyamba ndi kusewera n'zinthu ziwiri zosiyana.

Kwa zaka zambiri chisankhochi chinali nkhani ya akuluakulu okhala m'chipinda ndi mapepala ao, kufikira 1980 pamene wailesi ya kanema ya ESPN inayamba kuchionetsa. Apa ndi pamene panabadwira mtundu watsopano wa anthu, olosera, amene ntchito yao ndi kuuza dziko miyezi ingapo tsikulo lisanafike kuti uyu adzakhala woyamba, uyo wachitatu. Ndipo ndiyenera kunena msanga, pakuti apa pagona nkhani yonse, kuti anthu amenewa sakhala ndi timu, salipira munthu, ndipo akalosera molakwa sachotsedwa ntchito. Lero matimu alipo 32, amasankha maulendo asanu ndi awiri m'masiku atatu, ndipo chiyambire 2011 malipiro a mnyamata amatsata nambala imene watchulidwira, kotero kuti dzina lina lililonse lotchulidwa patsogolo pake limamuchotsera chuma iye ali chikhalire pampando.

Mu 1983 Dan Marino wa ku Pittsburgh, amene chaka chimodzi m'mbuyomo ankayesedwa mmodzi wa oponya opambana a m'makoleji, anaona anzake asanu a udindo womwewo akutengedwa iye asanatchulidwe, kuyambira John Elway amene anali woyamba. Chaka chake chomaliza ku koleji sichinamuyendere bwino, ndipo pamwamba pa izo panamveka manong'onong'o a mankhwala ozunguza bongo, amene palibe anawatsimikiza, koma amene anayenda kuchokera khutu lina kunka khutu lina kufikira matimu anachita mantha. A Miami Dolphins anamutenga pa nambala 27, ndipo m'chaka chake chachiwiri anaponya mipira yogoletsa 48, chinthu chimene munthu anali asanachitepo mu ligiyo. Mu 2005 Aaron Rodgers anaitanidwa ku New York monga mmodzi wa awiri amene akanatha kukhala woyamba. A San Francisco 49ers anasankha Alex Smith, ndipo popeza matimu ambiri otsatira anali nao kale oponya ao kapena ankasowa anthu a maudindo ena, Rodgers anakhala maola oposa anayi anzake akunyamuka mmodzimmodzi, mpaka a Green Bay Packers anamutchula pa nambala 24. Anadikira zaka zitatu kumbuyo kwa Brett Favre, pambuyo pake anatenga chikho cha Super Bowl, nasankhidwa kanayi kukhala wosewera wopambana onse mu ligi.

Pali chifukwa chinanso chimene sichiyenera kubisidwa. Kwa nthawi yaitali eni matimu ankakayika kupereka udindo wa kuganiza ndi kulamula kwa munthu wakuda. Warren Moon, atapambana masewero a m'makoleji a Rose Bowl ndi University of Washington, sanatchulidwe konse mu 1978. Anapita ku Canada, natenga zikho zisanu zotsatizana ndi timu ya Edmonton, ndipo NFL inamutsegulira khomo mu 1984 kudzera ku Houston Oilers. Patapita zaka makumi anayi chilambalalidwire Moon, mu 2018, ena ankanenabe kuti Lamar Jackson, popeza ali ndi liwiro, asiye kuponya azithamangira mipira ya ena. Anakana, anatengedwa pa nambala 32 ndi Baltimore Ravens, ndipo wakhala wosewera wopambana onse kawiri. Munthu akawerenga izi amakumbukira mneneri Samueli m'nyumba ya Jese ku Betelehemu, ana aamuna asanu ndi awiri akudutsa pamaso pake, iye atakopeka kale ndi msinkhu wa woyambayo, pamene woyenera mafutawo anali kubusa ndi nkhosa.

Komabe ndikadanama ndikadati osankha amalakwa nthawi zonse. Brady Quinn, amene anatsika mpaka nambala 22 mu 2007 anthu akudandaula kuti walakwiridwa, sanakhazikike pa timu iliyonse. Ndipo mantha a osankha ali ndi muzu wake, pakuti amakumbukira Ryan Leaf amene anatengedwa wachiwiri mu 1998 ndi JaMarcus Russell amene anatengedwa woyamba mu 2007, onse awiri atagwa msanga, chuma chambiri chitatayika. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mkulu wa timu akalambalala mnyamata amene pambuyo pake wakhala katswiri, mlanduwo amagawana ndi anzake onse amene anamulambalalanso. Koma akatenga quarterback poyambirira, mnyamatayo n'kulephera, mlanduwo ndi wake yekha, ndipo ntchito imamuthera. Ndiponso timu imodzi ikadutsa, yotsatira imadzifunsa kuti kodi anzathuwa aona chiyani chimene ife sitinaone, kotero kuti kukhala chete kwa mmodzi kumabala kukhala chete kwa wina.

Chitsanzo chimene chikali m'kamwa mwa anthu ndi cha Shedeur Sanders wa ku Colorado, mwana wa katswiri wakale Deion Sanders, amene analinso mphunzitsi wake. Olosera ambiri anamuika pakati pa oyambirira mu April 2025. Tsiku loyamba linatha, lachiwiri linathanso, ndipo anatchulidwa tsiku lachitatu pa nambala 144 ndi Cleveland Browns, timu imene inali itatenga kale woponya wina, Dillon Gabriel, dzulo lake. Zifukwa zimene zinamveka zinali zoti amachedwa kutaya mpira adani akamamuyandikira, zoti pokambirana ndi matimu sanakondweretse akuluakulu ena, amene anayankhula kwa atolankhani osatchula maina ao, ndi zoti timu yofuna woponya wodikira pabenchi sikhumba munthu wobwera ndi khamu la makamera. Cam Ward, amene anali woyamba, anasaina mgwirizano wa madola oposa 48 miliyoni. Wa Sanders sunafike 5 miliyoni.

Kwathu kuno kulibe draft, koma kusankha kulipo, ndipo mbiri yake ndi yaitali. M'masiku a Bata Bullets, Limbe Leaf Wanderers ndi ADMARC Tigers, pamene Malawi inatenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978 ndi 1979 Kinnah Phiri akumwetsa zigoli, wosewera ankasankhidwa ndi maso a akuluakulu a timu, ndipo mphotho yake yaikulu kawirikawiri inali ntchito pa kampani yothandiza timuyo. Njira ya kummwera itatseguka, Ernest Mtawali anatchuka ndi Bloemfontein Celtic m'zaka za m'ma 1980, nafika mpaka ku Toulouse m'dziko la France, ndipo kuyambira pamenepo loto la mnyamata aliyense linaloza kunja. Koma kumeneko mipando ndi yowerengeka monga wa quarterback uja: timu ya mu ligi yaikulu ya South Africa imaloledwa alendo asanu okha, malamulo a FIFA salola mwana wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu ya dziko lina kupatula pa zifukwa zochepa, ndipo mnyamata wa ku Malawi akapita kukayesedwa amapatsidwa masiku ochepa, pakati pa anthu osamudziwa, kuti aonetse zimene kwao anazionetsa zaka zitatu. Mphunzitsi amene ali ndi mpando umodzi wa mlendo, ndipo ntchito yake ili pachiswe, amatenga wochokera ku dziko la mbiri yaikulu pa mpira, pakuti ameneyo akalephera palibe adzamufunsa chifukwa chimene anamutengera.

Esau Kanyenda, mwana wobadwira kuno ku Dedza amene ochemerera anamutcha Black Mamba, anapyola zipata zonsezi: kuchokera ku Dwangwa anapita ku Jomo Cosmos, mu 2003 anafika ku Rostov m'dziko la Russia, ndipo mu 2005 anagulidwa ndi Lokomotiv Moscow, imene inali itangotenga ligi ya dzikolo. Pamenepo, pamwamba penipeni pa phiri, anapeza mipando ili ndi eni ake; anasewera masewero owerengeka chabe, nabwerera ku Rostov. Sanali munthu wina ku Moscow wosiyana ndi amene anali ku Rostov, koma timu yaikulu ilibe nthawi yodikira mlendo kuti azolowere. Gabadinho Mhango naye, atamwetsa zigoli 16 ndi Orlando Pirates mu 2019/20 nalingana ndi Peter Shalulile pamwamba pa omwetsa onse, anapezeka akukhala kunja kwa timu m'miyezi yomwe ija imene, pa 25 January 2022 ku Cameroon, ali ndi timu ya Malawi, anamwetsa Morocco chigoli chochokera kutali chimene Africa yense anachilankhula. Chaka chomwecho anasamukira ku AmaZulu. Chimene ochemerera ankaona ndi chimene aphunzitsi ake ankayeza sizinakumane.

Chiyambire 2022, pamene Dedza Dynamos inalowa mu Super League, maso a matimu aakulu ayandikira phiri lathu kuposa kale, ndipo ng'oma zotamanda anyamata zikulira mofulumira, tsopano pa Facebook ndi pa wailesi, osati m'mbali mwa bwalo mokha. Akulu anati ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika, ndipo ine chimene chimandipweteka mtima n'chakuti woimba ng'omayo amapita kwao ali bwinobwino, chikopa chong'ambikacho chili cha mwana wa eni. Mnyamata wa ku America akalambalalidwa amadziwa nambala imene wagwera, amawerenga m'nyuzipepala zimene akumunenera, ndipo akhoza kuziyankha pabwalo. Wathu amauzidwa ndi ejenti kuti adikire foni. Amakwera basi yobwerera pa msewu wa M1, natsika pa Dedza madzulo chifunga chitayamba kuphimba mitengo ya paini, nsapato zake za mpira zili m'chikwama. Anzake amamuthamangira kumufunsa kuti zayenda bwanji, ndipo iye amayankha kuti anena kuti aimba.