Lear, Macbeth ndi Kupepesa kwa 1996

Kuno kwa Maganga, mwera ukagudubuza bwato ku Senga Bay, anzathu opita kusukulu amafulumira kunena kuti kwachitika tragedy. Ine ndimakana. Imeneyo ndi ngozi, timalira ndithu, koma msodzi sadaipute mphepo. Tragedy ya m'masewero a William Shakespeare ndi ina: munthu wamkulu amadzikumbira yekha dzenje, nkugweramo, kenaka maso nkumutseguka madzi atafika kale m'khosi.

Maganizowa adayamba ndi Aristotle wa ku Greece. Pamafunika munthu wapamwamba, chilema cha mumtima, kutembenuka kwa zinthu, ndiponso kuzindikira. Zitatu zoyambazo sizisowa. Macbeth, sewero la cha m'ma 1606, likusimba za msilikali amene dyera la ufumu lidamuphetsa mfumu Duncan, mlendo wogona m'nyumba mwake. Ife amene tidakulira m'chipani chimodzi sitidafune wotimasulira. Albert Muwalo, mlembi wamkulu wa Malawi Congress Party, ankaopedwa dziko lonse. Mu 1976 adammanga, khoti la mafumu, lija losalola loya, lidamuweruza, ndipo mu 1977 adamnyonga. Msampha umene adathandiza kutchera udakola mwini.

Koma chachinayi, kuzindikira, ndiye chondivutitsa. Taonani King Lear. Nkhalamba ikugawa dziko poyesa kukoma kwa malilime a ana ake. Cordelia, wokana kushashalika, akumuthamangitsa. Kent, nduna yonena zoona, nayenso. Kodi sizikutikumbutsa 1964, pamene a Chipembere, a Chiume ndi a Orton Chirwa adasanduka zigawenga chifukwa chotsutsa, otamanda nkutsala pafupi? Zinthu zidatembenukanso: referendamu ya pa 14 June 1993, chisankho cha 1994, ndipo mu 1995 a Kamuzu Banda adaimbidwa mlandu wa nduna zitatu ndi phungu amene adaphedwa ku Mwanza mu 1983. Khoti lidawapeza osalakwa.

Tsono Lear uja, ali pamtetete, mvula ikumukwapula, akukumbukira amphawi ausiwa, navomera kuti sadawasamale ali pampando. Pambuyo pake akupempha Cordelia kuti amukhululukire, osaloza munthu wina chala. Apa mpamene woonera amaiwala nkhanza zake zija nayamba kumumvera chisoni.

Mu January 1996 a Kamuzu nawo adapepesa mtundu wa Amalawi. Sindikupeputsa zimenezo, atsogoleri angati mu Africa muno adatero? Komatu kupepesako kudatsamira pa mawu akuti ngati: ngati alipo adazunzika, ndipo ozunzawo nkukhala aja ankachita zinthu m'dzina lawo. Lear sakunena ngati. Iye akutuluka atanyamula mtembo wa Cordelia m'manja mwake. A Chirwa adafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndipo a Kamuzu adamwalira m'chipatala ku Johannesburg mu November 1997.