Chiphaso

Pa malire a Mwanza, mukangoti chiphaso, anthu amaganiza za pasipoti yowolokera ku Zobue. Komatu mawuwa ndi otambalala: chiphaso ndi chikalata chilichonse chosonyeza kuti lamulo lakulolani kuchita chakuti. Dokotala wofuna kutsegula chipatala chakechake, chomwe ambiri amati cha pulayiveti, amayenera kutenga chiphaso ku Medical Council of Malawi, bungwe lomwe linadza ndi lamulo la 1987 lokhudza madokotala. Bungweli limaunika maphunziro ake ndi kuyendera malowo.

Chiphasocho sichichepetsa mtengo wa chithandizo kapena mtunda wopita kuchipatala. Zipatala za pulayiveti zimachulukira m'matauni, pamene wodwala wa ku Thambani, m'boma la Mwanza, amadalira chipatala chaching'ono cha boma. Musanalipire paliponse, pemphani kuona chiphaso.