Mawu akuti "borrow"

M'Chingerezi, "borrow" ndi kutenga chinthu cha mnzako kwa kanthawi kuti udzabweze. Mawuwa ndi a wolandira yekha. Mwini chinthu, amene akupereka, ali ndi akeake: "lend".

Ophunzira ambiri amapunthwa pomwepa, ndipo m'pomveka. Ife timati "ndibwerekeko cholembera", mneni mmodzi n'kugwira ntchito mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake mwana wa Sitandade 5 amanong'oneza mnzake m'kalasi kuti "borrow me your pen". Ayenera kunena kuti "lend me your pen", kapena "may I borrow your pen?" Chachiwirichi ndimachikonda kwambiri chifukwa chili ndi ulemu.

"Borrow" amatsatana ndi "from", pomwe "lend" amatsatana ndi "to". Ponena zomwe zidachitika kale, "borrow" amakhala "borrowed", koma "lend" amasanduka "lent".