Jakisoni wa Pamsana ndi Mpweya wa Agogo

Pa 16 Ogasiti 1898, kuchipatala cha mumzinda wa Kiel ku Germany kunali bambo wa zaka 34 amene TB inamuwononga akakolo. Ankafunika opaleshoni, koma mankhwala ogonetsa ankawaopa chifukwa anali atamuzunzapo kale. Dokotala August Bier anamulowetsa singano pakati pa mafupa a m'munsi mwa msana, monga momwe Heinrich Quincke wa ku Kiel komweko anasonyezera mu 1891, n'kuthira cocaine pang'ono m'madzi ozungulira mitsempha. Miyendo inachita dzanzi. Bamboyo anang'ambidwa ali maso, akupuma yekha.

Patapita masiku ochepa, Bier ndi womuthandiza wake, August Hildebrandt, anayesa mankhwalawo pa matupi awo. Pobaya Bier, singano ndi sirinji sizinalumane, moti madzi a mumsana anangotayika. Pobaya Hildebrandt zinatheka. Bier anamuwotcha mwendo ndi ndudu yoyaka, anamumenya msongolo ndi nyundo yachitsulo, mnzakeyo osamva kanthu. Usikuwo anadya ndi kumwa vinyo mosangalala, koma m'mawa mwake mutu unawagwira onse awiri, ndipo Bier anagona pabedi masiku 9. Mutu woterewu umavutabe ena mpaka lero, ngakhale unachepa kwambiri singano zitayamba kupangidwa zowonda ndiponso zansonga ngati ya pensulo.

Chimene chinkaopsa koposa mutuwo ndi kukwera kwa mankhwala. Mnofu waukulu wopumira, umene uli kunsi kwa mapapo, umayendetsedwa ndi mitsempha yochokera m'khosi, kutali ndi pobaya. N'chifukwa chake munthu wa dzanzi kuyambira m'chiuno amapuma bwinobwino. Koma mankhwala akakwera kufika pachifuwa, minofu ya m'nthiti ndi ya pamimba imafooka, munthu amalephera kutsokomola mwamphamvu, ndipo BP imatsika. Akafika kukhosi, kupuma kumaima. Madokotala oyambirirawo analibe njira yodalirika yolamulira pamene dzanzi lilekezere.

Amene anathandiza pa vutoli ndi Arthur Barker wa ku University College Hospital ku London, munthu woyenera kutchulidwa kawirikawiri kuposa momwe amatchulidwira. Iye anapanga chubu chagalasi chopindika mofanana ndi msana wa munthu, n'kumaonerera momwe mankhwala amayendera mkatimo. Mu 1907 anasonyeza kuti ukasakaniza mankhwalawo ndi shuga wa glucose amalemera kuposa madzi a mumsana, ndiye amatsetserekera kotsika ngati madzi a mvula olowera kudambo. Kuyambira pamenepo, kagonekedwe ka wodwala ndi kapendekedwe ka tebulo zinakhala zida za dokotala. Bupivacaine wolemera amene amabayidwa masiku ano, ngakhale m'zipatala za maboma ku Malawi kumene ma clinical officer ndiwo amagwira ntchitoyi, amatsatira nzeru yomweyo.

Cocaine uja anasiyidwa msanga. Procaine anabwera mu 1905, ndipo mu 1921 dokotala wa asilikali wa ku Spain, Fidel Pagés, anafotokoza za epidural, yothira mankhwala kunja kwa chikuto cha mitsempha.

Phindu la zonsezi limaoneka bwino pa nkhalamba. Gogo amene wagwa n'kuthyoka fupa la m'chiuno mapapo ake amakhala atatopa kale, mwina ndi fodya, mwina ndi utsi wa m'khitchini. Kumugonetsa ndi mankhwala kumafuna chubu cha pakhosi ndi makina opumira, ndipo akadzuka makhololo amatha kukhalira m'chifuwa n'kuitana chibayo. Jakisoni wa pamsana amamusiya akupuma yekha. Komabe msana wa munthu wokalamba ndi wopindika, mipata ya mafupa ndi yothina, ndipo mankhwala amakwera msanga kuposa kwa wachinyamata, choncho mlingo umachepetsedwa ndipo BP imayang'aniridwa mosaphethira.

Kwa zaka zambiri madokotala ankakhulupirira kuti njirayi imapulumutsa okalamba ambiri kuposa kuwagonetsa. Kafukufuku wa REGAIN, wotsogoleredwa ndi Mark Neuman ndipo wofalitsidwa mu 2021, anayesa zimenezi pa odwala 1,600 a zaka 50 kupita m'tsogolo ku United States ndi Canada, onse othyoka m'chiuno. Patatha masiku 60, chiwerengero cha omwalira kapena olephera kuyenda okha chinali pafupifupi chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Zipatala zimenezo zinali ndi makina opumira ndi okosijeni wokwanira. Kumene zinthu zoterezi n'zoperewera, wodwala amene akupuma yekha patebulo amakhalabe wosavuta kumusamala, ndipo singano ya pamsana ndi imene madokotala amayamba kuiganizira.