Mabokosi a Cikwati a ku Florence

Anzanga acinyamata, inu mukamva za cikwati mumaganiza za lobola. Ku Florence, mzinda wa m'dziko la Italy, m'zaka za m'ma 1400 anali atate a mtsikana amene anali kupereka cuma kwa mkamwini. Cuma cimeneci cinakwera kwambiri, kotero kuti mu 1425 boma linatsegula thumba lochedwa Monte delle doti, mmene bambo anali kusungitsa ndalama mwana wake wamkazi akali wamng'ono. Atsikana ambiri amene makolo ao analephera kupeza cumaco anawatumiza ku nyumba za masisitere, kaya afuna kaya safuna.

Pa cikwati ca olemera panali kukhala mabokosi awiri akuluakulu a matabwa ochedwa cassoni, osungiramo zobvala ndi nsalu m'cipinda ca mwamuna ndi mkazi wake. Anali opakidwa golide, ndipo kutsogolo kwake amisiri anali kujambulapo nkhani zakale zophunzitsa banja latsopano.

Awiri ochuka ali ku Courtauld Gallery mu London. Lorenzo Morelli anawapangitsa mu 1472 pokwatira Vaggia Nerli. Mmisiri wa matabwa anali Zanobi di Domenico, ojambula anali Jacopo del Sellaio ndi Biagio d'Antonio. Maina awa tiwadziwa cifukwa Morelli anali kulemba m'buku ndalama zimene anaononga.

Tamverani nkhani imene ili pa bokosi limodzi. Camillus, mkulu wa asilikali a Roma, anazinga mzinda wa Falerii. Mphunzitsi wa mumzindamo anatenga ana a akuluakulu ngati apita nao kokayenda, nawapereka kwa adani. Camillus anakana mphatso yonyansayo. Anabvula mphunzitsiyo, nam'manga manja kumbuyo, napatsa anawo ndodo kuti amkwapule njira yonse yobwerera kwao. Anthu a ku Falerii ataona cilungamo cotere anadzipereka okha kwa Aroma. Ine ndiona kuti Morelli anasankha bwino, pakuti ana ake omwe anadzakula akuona cithunzi cimeneci m'nyumba ya atate ao.

M'zaka za m'ma 1800 amalonda anaona kuti cithunzi pacokha cigulika msanga kuposa bokosi lolemera. Anayamba kucotsa matabwa ojambulidwa nawagulitsa padera, ndipo mabokosi ambiri anaonongeka motero. Ndico cifukwa cake zithunzi zambiri zazitali koma zopapatiza zimene zapacikidwa m'nyumba zoonetseramo zinthu zakale ku Ulaya ndi ku America zinali kutsogolo kwa bokosi la mkwatibwi wina.