Makewana Anali Mayi wa Ana Ati?

Anzanga, mukamawerenga Mbiri ya Achewa, buku la Samuel Ntara la m'zaka za m'ma 1940, mukumana ndi mawu oti "Makewana". Musawalumphe ayi, tawaduleni pawiri: make, wana. Kumudzi mpaka lero timamva "make Chikondi", kutanthauza mayi ake a Chikondi. Wana ndiye ana. Basi, mayi wa ana!

Koma ana ake ati? Apa funsani ntchito yake. Mayiyu ankatumikira pa kachisi wa Chisumphi ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama m'boma la Lilongwe. Chilala chikavuta, mafumu ankatumiza mphatso kumeneko kuti akawapemphere mvula. Ndiye mwaona? Anawo unali mtundu wonse, paja mvula ikakana njala siisankha khomo.