Long COVID: Mtsutso pa Gwero la Zizindikiro Zokhalitsa

Mwa anthu omwe adachira matenda a COVID-19, omwe adabuka ku Wuhan m'dziko la China mu 2019, alipo ena omwe thupi lawo silibwerera m'chimake. Amatopa msanga, amabanika, amaiwalaiwala, ndipo ena samva fungo. Odwala eni ake ndiwo adatcha vutoli Long COVID mu 2020. Mu Okutobala 2021, bungwe la World Health Organization lidalongosola kuti izi ndi zizindikiro zomwe zimakhalapo pakatha miyezi itatu chiyambire matenda, n'kupitirira miyezi iwiri kapena kuposerapo, popanda nthenda ina yoziyambitsa.

Pa za gwero lake akatswiri sadagwirizane. Ena akuti zidutswa za kachilombo zimatsalira m'thupi, makamaka m'matumbo. Ena akuti chitetezo cha m'thupi chimasokonekera n'kuyamba kulimbana ndi thupi lomwelo. Mu 2021 Pulofesa Resia Pretorius wa pa yunivesite ya Stellenbosch ku South Africa adapeza timibulu toundana m'magazi a odwalawa, koma ofufuza ena akuti umboniwu ngosakwanira. Palinso onena kuti kachilombo ka Epstein-Barr, kamene kamagona m'matupi a anthu ambiri, kamadzukanso, pamene ena amaloza nkhawa ndi kugonekedwa nthawi yaitali m'chipatala.

Ofufuza ambiri tsopano akuona kuti zifukwazi n'zingapo ndipo zimasiyana munthu ndi munthu. Choncho tikamayendera odwala, tisawayese aulesi kapena kuthamangira kuganiza za ufiti. Tiwalimbikitse kukayezetsa kuchipatala, pakuti chifuwa chachikulu, shuga ndi kuchepa kwa magazi zimafooketsanso chimodzimodzi, ndipo mankhwala ake alipo. Tisawaumirize kugwira ntchito yolemetsa, chifukwa kwa ena imawonjezera kutopa.